MADZI SAIWALA KHWAWA: NGALANDE ZA M'MIZINDA NDI KUSINTHA KWA NYENGO

Mau kwa Aphunzitsi

Phunziro lino ndi la ana a m'makalasi apamwamba a pulaimale. Musanayambe, lembani pa bolodi mau awa: ngalande, zonyansa, milimita, kusefukira, kolera. Jambulaninso nyumba ya malata, mseu, cimbudzi ca dzenje ndi citsime, zonse moyandikana, kuti ana aziyang'anapo pamene tikuzichula. Mwana aliyense akhale ndi pensulo ndi pepala, pakuti muli masamu pang'ono.

Phunziro

Moni ana inu nonse, ndiponso moni aphunzitsi. Lero tiyamba ndi funso lapafupi. Mvula ikagwa pa denga la sukulu yanu, madzi ake amapita kuti?

Inu amene mukhala kumudzi mudziwa yankho. Udzu, masamba ndi nthaka ya m'minda zimamwa madzi ambiri. Otsala amatsetserekera ku dambo, ndipo dambo limawasunga ndi kuwapereka ku mtsinje pang'onopang'ono. M'tauni zinthu siziri conco. Malata samwa madzi, simenti simwa madzi, tara wa pa mseu naye samwa madzi. Madzi amene agwa pa zinthu zimenezi ayenera kupeza njira yothawira, ndipo anthu akapanda kuwakonzera njira, amadzipezera okha. Kawirikawiri njira imene amapeza ndiyo ya pakhomo pa munthu.

Njira ziwiri za madzi

Mzinda uliwonse uyenera kukhala ndi njira ziwiri za madzi. Yoyamba ndi ya madzi a mvula. Imeneyi ndiyo ngalande za m'mbali mwa miseu, zimene ambiri m'tauni amati mifolo, pamodzi ndi makalavati opita pansi pa mseu ndi ngalande zikuluzikulu zothira ku mtsinje. Yaciwiri ndi ya madzi oipa ocokera m'zimbudzi, m'mabafa ndi mosukira mbale. Imeneyi ndi mapaipi okwiriridwa pansi, amene amatenga zonyansa kunka nazo kumalo kumene zimayeretsedwa. Kumene kulibe mapaipi, zonyansa zimatsikira m'dzenje la cimbudzi kapena m'thanki yomangidwa pansi.

Lamulo lalikulu la ukhondo wa mzinda ndi lakuti njira ziwirizi zisakomane. Ligwiritseni lamulo limeneli, pakuti nkhani yathu yonse ya lero yatsamira pa ilo.

Tiwerengere madzi a padenga

Tengani pensulo. Mvula imayesedwa m'mamilimita. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, madzi ake amakwana lita imodzi. Tsono tinene kuti denga la kalasi lanu ndi mamita 10 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi. Tikaculukitsa 10 ndi 8 tipeza 80. Tinenenso kuti kwagwa cimvula ca mamilimita 50 madzulo amodzi. Culukitsani 80 ndi 50. Mwapeza ciani? Malita 4,000. Amenewa ndi madzi odzaza migolo 20 ya malita 200, ndipo acokera pa denga limodzi lokha.

Tsopano ganizirani madenga onse a m'komboni, masitolo, misika, miseu ndi mabwalo okonkhedwa simenti. Madzi onsewo amafika m'ngalande nthawi imodzi.

Ngalande iri ndi muyeso wake

Injiniya amene amanga ngalande sangokumba mwa cisawawa. Poyamba amapita kwa a Zanyengo, amene amalemba mvula ya tsiku ndi tsiku, nafunsa kuti, m'dera lino cimvula cacikulu cimene cibwera kamodzi pa zaka 10 cimakhala ca mamilimita angati? Mau akuti kamodzi pa zaka 10 satanthauza kuti cikagwa caka cino ndiye kuti tapuma zaka 9. Atanthauza kuti caka ciriconse pali mpata umodzi mwa 10 wakuti cigwe. Injiniya akadziwa muyeso umenewu, ndi kukula kwa malo amene adzathira madzi m'ngalandeyo, amawerengera kuzama kwake, kutambasuka kwake ndi kutsetsereka kwake.

Mwaona tsono kuti ngalande imamangidwa potsata mvula ya zaka zakale. Iri ngati malaya amene telala anasoka atayesa mwana. Malayawo angakhale olimba cotani, mwana akakula samkwananso. Funso la masiku ano ndi lakuti, kodi mvula ya lero ikali kukwana m'ngalande zimene zinayesedwa pa mvula ya dzana?

Cimene casintha m'mlengalenga

Kwa zaka zoposa 150 anthu pa dziko lapansi akhala akutentha malasha a pansi, mafuta ndi gasi, ndiponso kugwetsa nkhalango. Zimenezi zimaturutsa mpweya wochedwa kaboni dayokisaidi, umene umasunga kutentha kwa dzuwa monga bulangeti lisunga kutentha kwa thupi. Akatswiri a maiko ambiri analengeza mu 2021 kuti dziko lapansi latentherapo ndi digiri imodzi ndi pang'ono poyerekeza ndi zaka za pakati pa 1850 ndi 1900.

Digiri imodzi ioneka ngati kanthu kocepa, koma imacita zazikulu pa mvula. Mpweya wofunda umanyamula nthunzi yambiri kuposa wozizira. Ukafunda ndi digiri imodzi, umatha kunyamula nthunzi yoonjezera pafupifupi magawo 7 pa 100 alionse. Conco mtambo ukatsegula, umakhuthula madzi ambiri pa nthawi yocepa. Kutentha komweko kumaumitsanso nthaka msanga pamene mvula yaleka. Ndico cifukwa cake akatswiri amayembekeza kuti m'cigawo cathu cino ca Africa, masiku opanda mvula adzatalika, koma zimvula zamphamvu zidzakulirakulira.

Ngalande siisamala za mvula ya caka conse. Cimene ciibvuta ndi mvula ya ola limodzi. Yesani kuthira madzi a m'kapu m'botolo la kukamwa kwakung'ono. Mukathira pang'onopang'ono, onse alowa. Mukakhuthula kamodzi, ambiri atayika pansi. Madzi ndi omwewo, botolo ndi lomwelo, casiyana ndi liwiro. Mamilimita 100 ogwa m'masiku 10 ndi dalitso kwa mlimi. Mamilimita 100 ogwa m'maola awiri ndi cigumula.

Citsanzo ca Lusaka

Tiyeni tione mzinda wathu waukulu. Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935. Ufulu usanabwere mu 1964, anthu ake sanali kufika 200,000. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni. Mvula ya ku Lusaka imakhala pafupifupi mamilimita 800 pa caka, ndipo yambiri imagwa kuyambira November kufikira March.

Pali zinthu zitatu zimene zibvutitsa mzindawu. Coyamba, mbali yaikulu ya Lusaka ndi yathyathyathya, ndipo madzi pa malo osatsetsereka amayenda mwaulesi. Caciwiri, kumwera ndi kumadzulo kwa mzinda, pansi pa dothi locepa pali miyala ya laimu, mtundu wa miyala umene amapangira simenti ku Chilanga. Miyala imeneyi iri ndi ming'alu ndi mapanga mmene madzi amayendamo msanga osasefedwa. Mvula ikagwa masabata angapo, madzi a pansi amakwera kufikira pafupi ndi pamwamba, ndipo nthaka imakhuta. Pamenepo ngakhale kamvula kocepa kamasanduka thamanda. Cacitatu, makomboni aakulu monga Kanyama, Misisi ndi Chawama anakula pa malo otsika omwewo, nyumba zinathithikana miseu ndi ngalande zisanakonzedwe.

Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Pamene panali dambo kale, ngakhale mumangepo nyumba ya njerwa, madzi adzabweranso kudzafuna malo ao. Agogo anu a ku Lusaka akumbukira cigumula ca ku Kanyama ca mu 1978. Mu 2010 mabanja ambiri a m'makomboni osefukira anasamutsidwa kukakhala m'matenti pafupi ndi Independence Stadium. Bvuto limeneli ndi lakale. Kusintha kwa nyengo kwangobwera kudzalikulitsa.

Madzi a mvula a pakati pa mzinda amatengedwa ndi ngalande yaikulu yochedwa Bombay, imene iyenda kunka kumpoto ndi kukathira mu mtsinje wa Ngwerere, ndipo Ngwerere athira mu Chongwe. Pakati pa 2013 ndi 2018 ngalande imeneyi ndi ya Mazyopa zinakuzidwa ndi kumangidwa ndi konkire, ndi thandizo la ndalama locokera ku America. Koma ngalande yaikulu ithandiza pokhapo ngati ngalande zazing'ono zifikitsako madzi, ndiponso ngati siinatsekeke ndi zinyalala.

Nanga njira yaciwiri ija? Mwa anthu 5 alionse a mu Lusaka, amene nyumba yao iri pa mapaipi a zonyansa safika ngakhale mmodzi wathunthu. Ndiye kuti oposa magawo 80 pa 100 amadalira zimbudzi za maenje ndi mathanki a pansi. Zonyansa za m'mapaipi zimapita kumalo oyeretsera monga Manchinchi, amene anamangidwa ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndi Chunga, ndiponso ku maiwe monga a ku Kaunda Square, Matero ndi Ngwerere. Kumeneko zolemera zimadikha pansi, ndipo tizirombo tothandiza, pamodzi ndi dzuwa ndi mpweya, timadya zoola madzi asanaloledwe kupita ku mtsinje. Nchito imeneyi ifuna nthawi. Siifuna kufulumizitsidwa.

Pamene njira ziwiri zikomana

Yang'anani cithunzi ca pa bolodi. Cimvula cagwa, ngalande yadzala, madzi asefukira. Alowa m'cimbudzi ca dzenje, ndipo za m'dzenje zakwera ndi kuyandama pabwalo pamene ang'ono anu amasewera. Pansi pa nthaka napo, madzi a m'dzenje adutsa m'ming'alu ya miyala ndi kulowa m'citsime cosazama. Madzi a m'citsimemo angaoneke oyera mbee, koma muli matenda.

Kumene kuli mapaipi nako sikuli bwino. Madzi a mvula amalowa m'mapaipi a zonyansa kudzera m'malo ong'ambika, ndiponso pa maenje oyang'aniramo amene zibvundikiro zake zinasweka kapena kubedwa. Paipi imene inayesedwa kunyamula madzi a m'nyumba okha imalephera, ndipo zonyansa zimabwerera ndi kutumphukira mu mseu. Zimene zafika kumalo oyeretsera zimafika mocuruka kwambiri, kotero kuti zimadutsa zisanayeretsedwe ndi kukaipitsa mtsinje umene anthu a kumunsi amamwa ndi kuthirira ndiwo za m'madimba.

Ndimo mmene kolera imayendera. Kuyambira October 2017 kufikira May 2018, anthu pafupifupi 5,900 anadwala kolera m'dziko muno, ambiri a iwo a mu Lusaka, ndipo oposa 100 anamwalira. Mliri umene unayamba mu October 2023 unaposa pamenepo: odwala anapitirira 20,000, ndipo omwalira anapitirira 700. Bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa cipatala. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 anatsegulidwa pa 12 February. Ena a inu mukumbukira masabata amenewo. Timvetsetse bwino: kusintha kwa nyengo sikubala kacirombo ka kolera. Kacirombo kamakhala m'zonyansa za munthu wodwala. Cimene cigumula cimacita ndico kukatsegulira njira yofikira pakamwa pa munthu wina.

Cilala naco cimaononga

Mwina muganiza kuti mvula ikacepa, ngalande ndi mapaipi zimapuma. Iai. Nyengo yomweyo ya mliri, mvula inadula pakati pa dzinja, cimanga cinauma m'minda, ndipo pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku.

Madzi a m'mipope ya mu Lusaka amacokera ku mtsinje wa Kafue ndi ku zitsime zakuya, ndipo onsewa amakankhidwa ndi mapampu a magetsi. Magetsi akazima, mipope imauma, ndipo anthu amabwerera ku zitsime zosazama zija. M'mapaipi a zonyansa namo, madzi okankha akacepa, zolemera zimakhazikika ndi kutseka njira. M'ngalande zouma mumadzala mcenga, mabotolo ndi mapulasitiki. Tsono cimvula coyamba cikafika, cimapeza nthaka yolimba ngati mwala ndi ngalande yotsekeka. Paja amati walira mvula walira matope.

Mafunso asanu a woyesa ngozi

Munthu wanzeru sadikira kuti madzi alowe m'nyumba kuti adziwe pamene denga lidontha. Khonsolo ya mzinda, kampani ya madzi, a Zanyengo ndi a zaumoyo akafuna kudziwa kukula kwa ngozi imene ikudza, amafunsa mafunso asanu.

Loyamba: kodi cimvula cacikulu cidzakhala cotani? Pano sayang'ana zakale zokha. Amatenga muyeso wakale ndi kuonjezerapo gawo la mvula yamphamvu imene iyembekezeka m'zaka 30 kapena 50 zikudzazo, pakuti ngalande yomangidwa lero idzagwira nchito kufikira inu mutakhala agogo.

Laciwiri: kodi madziwo adzayenda kuti? Amajambula mapu oonetsa malo okwera ndi otsika, madambo akale, ndi malo amene aphimbidwa ndi malata ndi simenti.

Lacitatu: kodi ngalande ndi mapaipi amene alipo anganyamule madzi ocuruka bwanji? Amayesa kukula kwake, nayang'ana ngati ndi ong'ambika kapena otsekeka. Ngalande imene yadzala mcenga kufika pakati yasanduka theka la ngalande.

Lacinai: kodi madzi osefukira adzakomana ndi ciani? Zimbudzi zingati, zitsime zingati, mapampu ati, malo otayira zinyalala ati?

Lacisanu, limene liposa onse: kodi ndani ali pa njira ya madziwo? Sukulu, cipatala, msika, nyumba za okalamba ndi za anthu osatha kuthawa msanga ndizo ziyenera kuyambirira kutetezedwa, popeza ndalama sizikwanira kukonza zonse nthawi imodzi.

Mayankho a mafunsowa ndiwo amasonyeza cocita: kukuza kalavati apa, kusiya dambo apo kuti lizisunga madzi, kumanga zimbudzi zokwezeka zokhala ndi maenje omangidwa ndi njerwa ndi simenti kuti zisadonthe, kupopa zimbudzi mvula isanayambe, ndi kufikitsa mapaipi kumene sanafike. Nchito zina zotere zakhala zikucitika mu Lusaka kuyambira mu 2015 pansi pa Lusaka Sanitation Programme.

Mafunso omwewa agwira nchito m'tauni iriyonse, ngakhale mayankho asiyane. Ku Chipata, mwa citsanzo, tauni yazingidwa ndi mapiri. Kumeneko madzi sacedwa ngati ku Kanyama. Amatsika ndi liwiro, ndipo mitengo ya m'mapiri ikadulidwa amakokolola dothi ndi kudzaza nalo ngalande za m'munsi.

Gawo lanu

Ana inu simungamange ngalande ya konkire, koma pali zimene mungathe. Musataye cinthu ciriconse m'ngalande. Botolo limodzi limagwira pulasitiki, pulasitiki igwira mcenga, ndipo posacedwa kalavati yatsekeka. Musataye nsanza, miyala kapena zitsononkho m'cimbudzi ca madzi. Mukaona dzenje la paipi lopanda cibvundikiro, kapena zonyansa zikutumphuka mu mseu, uzani aphunzitsi kapena makolo kuti akanene ku khonsolo kapena ku kampani ya madzi. Musasewere m'madzi osefukira, ndipo musayese kuoloka ngalande yodzala, ngakhale ioneke yosazama. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini. Sambani m'manja ndi sopo pocokera ku cimbudzi ndiponso musanadye. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, amwe madzi a mcere ndi shuga a ku cipatala, ndipo apite naye ku cipatala nthawi yomweyo.

Koposa zonse, phunzirani kuyang'ana ndi kulemba. Injiniya amadalira manambala amene munthu wina analemba mokhulupirika tsiku ndi tsiku. Sukulu imene isunga buku la mvula kwa zaka 10 iri ndi cuma cimene mzinda udzacifuna. Mwina pakati pa inu pali amene adzayese ngalande za mawa. Tsalani bwino ana inu, tsalani bwino aphunzitsi. Tidzakomananso m'phunziro lotsatira.

Nchito ya Pambuyo pa Phunziro

1. Pangani coyesera mvula. Tengani citini ca m'mbali moongoka ndi pansi pathyathyathya, cimene kukamwa kwake kulingana ndi pansi pake. Ciikeni pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, pamalo pamene sicingagwe. M'mawa uliwonse, pa ola lomwelo, yesani kuzama kwa madzi ndi rula, lembani mamilimita ndi tsiku m'buku, ndipo khuthulani madziwo.

2. Mvula ikaleka, aphunzitsi atsogolere ana kuzungulira sukulu. Jambulani mapu oonetsa kumene madzi acokera, kumene apita ndi pamene aima. Sonyezaninso zimbudzi, citsime kapena mpope, ndi dzala. Ana asalowe m'madzi.

3. Yankhani mafunso asanu aja ponena za sukulu yanu, ndipo kalasi lilembe kalata kwa aphunzitsi aakulu yochula malo amodzi amene ayenera kukonzedwa mvula ina isanafike.

Mafunso

1. Chulani njira ziwiri za madzi m'mzinda. Cifukwa ninji siziyenera kukomana?

2. Denga la mamita 10 ndi mamita 8 lingasonkhanitse malita angati pa caka ca mvula ya mamilimita 800? Nanga imeneyo ndi migolo ingati ya malita 200?

3. Fotokozani cifukwa cake mpweya wofunda ubweretsa cimvula camphamvu.

4. Chulani zinthu zitatu zimene zicititsa kuti Kanyama azisefukira.

5. Kodi cilala cimaononga bwanji ngalande ndi mapaipi a zonyansa?

6. Fotokozani mwambi wakuti madzi saiwala khwawa, ndipo funsani akuluakulu a kwanu ngati pali nyumba zimene zinamangidwa pamene panali dambo kale.